Khoma la Kukhitchini

Wokondedwa mwana wanga Marcy,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi ana. Nanga mkono wa mwamuna wako Curtis ukupeza bwanji? Ine ndilipo. Foni yanga sukuyankha, n'chifukwa chake ndalemba.

Tsiku lomaliza asanapite kuchipatala kumene anakamwalira, amayi ako anali atagwada pa kabati ya m'khoma ija, akupala penti woyera kuti thabwa lakale lioneke. Ankatukwana munthu amene anapaka penti pa thabwa la zaka zana, amvekere ameneyo kumwamba sakalowa. Ndinawapangira khofi. Anati ndi madzi otsukira mbale, koma anamwa yense. Anali atapala theka la kabatiyo.

Pamene tinagwirizana kuti mudzakhale kuno, ndinavomera ndine kuti khoma la kukhitchini ligwe, nyumba itakasuke. Sindinaganize kuti kabati ili m'khoma lomwelo.

Lachiwiri lija ndinamva phokoso ndili pakhonde, ndikuchokera kogula misomali. Ndinapeza magalasi a kabati ali mbwee pansi, Curtis akuphwanya ndi chihamala mbali yomwe amayi ako anapala. Anaseka nati, "Apongozi, zakale zapita, bwerani mumenyeko kamodzi."

Ndinatola chitsulo chozulira misomali.

Ndamva kuti Curtis anakuuza kuti ndinam'menya kamodzi, mosadziwa. Akunditeteza. Ndinam'menya pamkono, fupa linathyoka ngati nkhuni youma. Atagwera pamagalasi ndinam'menyanso paphewa, kenako m'nthiti. Magazi anayenderera m'mipata ya matabwa a pansi. Sanabwezere. Ankangoti, "Ndine, bambo, ndine." Ndinasiya chifukwa dzanja linatopa, osati chifukwa cha chisoni. Uyenera kudziwa zimenezi usanasankhe ngati ana angagone m'nyumba imodzi ndi ine.

Khoma lija ndalimaliza kugwetsa ndekha. Dzuwa likufika mpaka pa tebulo, monga Curtis ananenera.

Chipinda cha amayi ako, chomwe ndinkakukaniza kukhudza, ndinachitsegula Loweruka. Madiresi, nsapato, makina osokera, ndinakasiya kutchalitchi. Mayi wolandira anafunsa ngati palibe chimene ndikufuna kusunga. Ndinati ayi, ndinatuluka msanga. Ndayeza, mabedi awiri a ana akukwana.

Ngati mukundiopa, ndituluke ine, inu mulowe.

Mulungu akusungeni. Undiperekere moni kwa adzukulu anga Nell ndi Toby, ndiponso kwa Curtis ngati angaulandire.

Ndine bambo ako,
Vernon Haugen
Tacoma