Therere la Kuchipatala

Amayi, kumene mulikoko muli bwanji?

Kuno tilipo, ngakhale dzuwa la chaka chino likuwotcha ngati tinalilakwira. Mpongozi wanu Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, musakane. Mpunga wa ku Bwanje tinakolola wochepa, mbalame zinatithandiza kudya. Denga la khitchini yanu linagwa mbali imodzi ndipo sindinakonze. Ndikalowamo ndimamva fungo la chidulo chanu, ndiye ndimangotuluka.

Nkhani yeniyeni ndi ya abambo. Mukundidziwa, sindizungulira, choncho mundikhululukire kuti mwana akambe za m'thupi mwa bambo wake. Mkodzo unawatsekera. Kuchipatala anawaika kachubu kotulutsira mkodzo, ndipo kachubuko kamafunika kusinthidwa pakapita nthawi, apo ayi kamabweretsa matenda. Ulendo woyamba sanaone kanthu, ululu unali utawatseka maso. Wachiwiri ndiwo unavuta. Adokotala atangofinya jelo, zoterera zija amapaka pa kachubu kuti kalowe osang'amba munthu, abambo anadzuka pabedi. "Chotsani therere lanulo! Ine chitemereni mphini sindinalikhudzepo."

Inu mukudziwa kuposa ine. Zaka zonse zija munkaphika therere m'kamphika kapadera, ndi chipande chakechake, n'kukadyera kuseri, poti abambo ankati limasulutsa mankhwala amene agogo anawatemera kuti akufa asamawayandikire. Munkangoseka n'kumati, "Mwamuna wamkulu chonchi, kuopa ndiwo." Ine sindinaseke. Ndinawakalipira pamaso pa anthu. Iwo anavala buluku mwakachetechete, ndipo tinabwerera pa kabaza, kachubu kakale kali m'thupi.

Ntchito yanga yothandiza ng'ombe kubereka, imene munkati ndi yonunkha, ndikuipitirizabe. Palibe anandiphunzitsa, ndipo zoterera zanga ndinazipeza ndekha. Sopo ankawotcha ng'ombe m'kati. Mafuta ophikira ankafewetsa magolovesi mpaka kung'ambika mkono uli momwemo. Ndiye ndinayamba kukanda chinangwa, kufinya pansalu, zoyera zikadikha pansi n'kuziwiritsa ndi madzi. Poyamba linkatuluka phala lenileni, loti mwana n'kumwa. Kenako zamadzimadzi zosakhala pamkono. Pano muyeso ndinaupeza, ndipo ndimadonthezamo gilisalini kuti zisaume msanga.

Ndinaphika zimenezo abambo akuona. Ndinati, onani, madzi ndi chinangwa basi, ndipo za kuchipatala nazonso ndi madzi olimbitsa, therere mulibe. Anapisa chala, ananunkhiza, n'kuti, "Chabwino, akandipake zakozi." Ndinanyamula botolo monyadira ngati ndanyamula mwana wokabatizidwa. Adokotala, mayi wodekha mpaka kukwiyitsa, analiyang'ana n'kundibwezera. "Achimwene, bambo anu si ng'ombe. Njira ya mkodzo imafuna zopanda kachilombo ngakhale kamodzi. Jelo wathuyu amabwera womata m'kapaketi, ndipo muli mankhwala oziziritsa ululu." Ndinatukwana njira yonse. Koma m'mawa mwake nditatsegula botolo lija, linali litachita thovu, likununkha ngati mowa wosasa. Kutentha kwa Golomoti sikusunga kanthu. Mayiyo ankanena zoona, ndipo ndikuuza inu nokha.

Abambo anayamba kutentha thupi. Mkodzo m'thumba la kachubu unasanduka ngati madzi a m'munda wa mpunga. Ndinanyengerera, ndinaopseza, Esinati analira, koma ayi. Kenako tsiku lina m'mawa ndinawapeza atavala jekete la kutchalitchi, atakhala pakhonde. Anangoti, "Tiye. Mankhwalawo asuluke basi." Anagona pabedi paja, anawapaka, kachubu katsopano kanalowa bwinobwino, sanabuule n'komwe. Anawapatsanso mapiritsi. Ine ndinakondwa. Koma nkhope yawo potuluka inali ya munthu amene wasiya chitseko chosatseka ndipo akudziwa.

Kuyambira pamenepo, Amayi, amakuonani.

Si kumaloto ayi. Masana, dzuwa lili paliwombo, amakhala pansi pa mtengo wa bwemba uja, n'kusendera mbali imodzi ya mphasa kuti pakhale malo. Amati mumabwera kuchokera cha kunkhokwe, mutavala chitenje chobiriwira chimene tinakuikani nacho. Amayankhula motsitsa, nthawi zina amaseka, kuseka kumene sindinakumvepo muli moyo. Ndinati ndi malungo. Malungo anatha. Ndinawapititsa kukayezetsa, akuti zonse zili bwino. Akudya, anenepako, amafika mpaka kudimba. Ine simunandilere wokhulupirira zilizonse, mukudziwa kuti ndinakanganapo ngakhale ndi akatekisiti. Koma galu wanu Tilekeni amagona pafupi ndi mphasayo, ndipo ndamuona ndi maso angawa akudzutsa mutu, n'kumagwedeza mchira poyang'ana pamalo popanda munthu.

Dzana ndikuwathira madzi osamba anandiuza, ngati akunena za mvula, kuti, "Amako akuti ndachedwa."

Apa ndiye mutu wandizungulira. Akanapitiriza kukana jelo uja, tikanawaika m'manda mwezi womwewo. Avomera, ndipo akuti avula chimene chinkawatchinga kwa inu. Ine ndikudziwa kuti m'kapaketi muja mulibe therere, ndi madzi chabe, ndawauza mpaka pakamwa kuuma. Koma iwo anagona pabedi paja atatsimikiza mumtima kuti akutsegula njira, ndipo mtima wa munthu sindidziwa kuuphikira mankhwala.

Ndiye ndinene mosabisa, monga munandizolowera. Ngati ndinu, bwerani. Khalani pamphasapo, chezani, muwaseke monga kale, sindikuletsani. Koma pobwerera muzibwerera nokha. Munkati mlendo wabwino sanyamula mpando wa mwini nyumba. Ine sindinathane nawo. Ndinawakalipira moyo wanga wonse, ndipo ndangoyamba kumene kudziwa kukhala nawo chete. Mwezi ukaoneka kachubu kakufunikanso kusintha, ndipo ndikufuna ndikawaperekeze akuyenda ndi miyendo yawo, akundinyoza kuti ndimayenda ngati ng'ombe yapangolo.

Ndipatseniko nyengo zingapo za mvula. Tsiku lawo lenileni likadzafika sindidzakangana nanu. Ndidzawasambitsa ndekha, ndidzawanyamula, ndipo ndidzawagoneka pambali panu penipeni, kudzanja lamanja kumene tinasiya malo. Limenelo ndi lonjezo langa. Koma pano ayi, Amayi. Chonde pano ayi.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa polusa uja,
Lukasi