Fomu ya Timabokosi Tiwiri

Lolemba, 6 Okutobala

Iwe watsegula kabukuka, kaya ndinu alamu kaya ndani, poti manja akuyabwa, werenga mpaka kumapeto. Ukamaliza undiuze ngati ungathe kutola nsomba zakufa 412 ndi manja, dzuwa lili paliwombo, n'kubwerera ku ofesi ukumwetulira. Ine zandikanika.

Mwezi wachitatu pa ntchito, wotsiriza pa miyezi yondiyesa. Kunyumba amangoti ndimagwira ku magetsi, ndiye magetsiwo akazima, onse maso pa ine ngati ndakhalira waya. Ntchito yanga ndi iyi. Akatseka mageti a damu, madzi kumunsi amaphwa, nsomba zimatsalira m'timaiwe ta pamathanthwe. Ine ndi a Chipewa, mdala amene wagwira zimenezi zaka makumi awiri, timatsika ndi ndowa ndi kaukonde. Zamoyo kubwezera mumtsinje. Zakufa kuwerenga, kuyeza, kulemba pa fomu. Basi.

Lamulo lomata pakhoma la ofesi likuti geti litsekedwe pang'onopang'ono, ola lathunthu, kuti nsomba zitsatire madzi. Lero atseka ngati munthu wokwiya akumenyetsa chitseko. Mphindi khumi, mathanthwe pamtunda. Matemba, ntchira, timilamba, zonse phiriphiri. Tapulumutsa ndowa zisanu ndi imodzi. Akakowa atola zawo. Zotsala 412. Chiyambire ntchito ndinali ndisanapitirirepo 30.

Manja akununkhabe. Sopo wagonja.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Fomu. Pamene alemba kuti nsomba zakufa pali timabokosi tiwiri tokha, nambala imodzi m'kabokosi. Ndafunsa a Chipewa kuti yachitatu ipite pati. Aseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, fomu imeneyo siidziwa handiredi. Lemba 99 ngati anzako tonse, tikadye."

Sindinalembe 99. Sindinapite ku koleji, mayina a nsomba ndinadziphunzitsa ndekha m'buku lopanda chikuto, koma kuwerenga ndimatha. Ndalemba 4 ndi 1 m'timabokosimo, 2 ndamukhazika panja, wamkulu bwino, ndi kumuzunguliza. Ndasaina. Ndasiya mu thireyi ya akalaliki.

Lachisanu, 10 Okutobala

Kulibe zakufa lero. Kuyeza kutentha kwa madzi malo anayi, kuchotsa zinyalala pa sefa, kuwerenga mbalame. Katumbu kumunsi kwa mlatho, ndi ana ake awiri, akutsetsereka pa thanthwe ngati ana a sukulu othawa kalasi. Ndinaima pomwepo mpaka a Chipewa kundiimbira mluzu. Ntchitoyi ndimaikonda, ndiye pali vuto pamenepo.

Masana ndinakwera ku chipinda chotsekera mageti. Mkati kuzizira, mipando yozungulira, munthu nsapato zowala. Ine magambutsi amatope, wandiimika pakhomo. Ndamufunsa za Lolemba. Akuti foni ikalira kuchokera kwa akuluakulu kuti sungani madzi, iye amadina, nkhani yatha. Kenako: "Asisi a nsomba, kodi matemba anuwo ali ndi foni? Aziimba okha." Anzake kuseka. Ndinamuuza kuti lamulo lili pakhoma kumbuyo kwake, ngati khosi silitembenuka ndimuwerengere. Sanasekenso. Mwina ndinalakwitsa. Sindikudandaula.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lipoti la sabata alimata pa bolodi. Nsomba zakufa pa 6 Okutobala: 41.

Ndinalowa kwa akalaliki osagogoda. Mayi wabwinobwino, magalasi pamphuno, sanakwiye n'komwe. Andionetsa pa kompyuta. Imalandira manambala awiri, ukadina lachitatu imangolira. "Ndimalemba zili m'bokosi, mayi. Za panja pa bokosi ndimayesa ndi zokongoletsa."

Zokongoletsa.

Andiuzanso chimene aliyense pano akudziwa kupatula ine chitsiru. Zikafika 100, lipoti liyenera kupita kwa oyendera zachilengedwe, abwere adzafunse amene anatseka geti. Ndinapempha mafayilo akale. 99. 99. 98, tsiku limene wina anachita manyazi. 99. Zaka ndi zaka, mtsinje wodziwa kuleka kupha pa 99 ndendende. Masiginecha ambiri ndi a Chipewa. Tadyera limodzi masana osalankhulana.

Lachinayi, 16 Okutobala

Abwana a gawo lathu andiitana. Tiyi, mpando wofewa, kufunsa za kunyumba. Ndiye atulutsa fomu yatsopano, yolembedwa kale ndi dzanja lawo, 41, pansi mpata wa dzina langa. Akuti yanga ija ndi yauve, yolembedwa kunja kwa mizere, ndipo pepala liyenera kugwirizana ndi kompyuta. Ndati kompyutayo ndiyo igwirizane ndi mtsinje. Amwetulira. "Mayi, pa 31 ndilemba ngati mwakhoza miyezi yanu itatu. Ndimakonda antchito osamala mapepala."

Akanditsimikizira ntchito, pali chipinda ku nyumba za kampani. Chitseko changachanga. Ndikatenge mwana wanga kwa amayi, ayambe sukulu pafupi ndi ine. Chaka chachiwiri ichi ndikugona pabalaza pa achemwali, kudikira alamu atseke wailesi kuti ndiyale mphasa. Mwanayo pa foni wayamba kunditchula "aunt" akaiwala, kenako n'kudzikonza.

Ndawauza abwana kuti ndikaganize. Ine, wa pakamwa posabisa mawu. Ndikaganize.

Achemwali akuti: "Iwe, nsombazo zinafa kale. Ukakana kusaina zidzuka?"

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndasaina.

Lachinayi, 23 Okutobala

Sabata yopanda cholemba. Abwana akundipatsa moni kawiri patsiku. Akalaliki andinong'oneza kuti chipinda nambala 7 chili ndi zenera loyang'ana kumtsinje. Ndapita kukasuzumira. Pansi simenti yosalala, msomali wa udzudzu ulipo kale, ndikutanthauza wokolekapo neti. Ndinayeza ndi maso pogona mwana.

A Chipewa akuti ndakula. Ndinafuna kuwakankhira m'madzi.

Lolemba, 27 Okutobala

Atsekanso. Mphindi zisanu ndi zitatu, ndinali ndi wotchi m'manja.

Ulendo uno ntchira zazikulu, zimene zimakwera kudzaikira mazira pa miyala. Mimba tototo. Ukainyamula mazira akutsika m'zala. Tinathamanga, mdala uja anathamanga mpaka kugwa n'kusupuka bondo, ndowa osaitaya. Thanthwe lotentha ngati chiwaya. Ina inafera m'manja mwanga ndili masitepe atatu kufika pamadzi. Ndinaiponyabe, inangoyandama chagada.

637.

Ndinakhala pansi kulira, kulira kwa mkwiyo, mamina ndi zonse. Wa nsapato zowala uja anali pa khonde lake kumtunda, kapu m'manja, kutiyang'ana. Adinanso mawa, ndi mkuja, chifukwa pa pepala palibe chimene chinachitika. Ndipo pepalalo lili ndi dzina langa. Pa 6 anapha ndi iyeyo. Za lerozi ndathandizira ine.

A Chipewa amanga bondo ndi mpango, atulutsa fomu, andipatsa cholembera. Sananene kuti 99. Anangoti: "Ine ndipuma ntchito Disembala, mwana wanga. Usandifunse kusaina chilichonse." Ndati sindinakufunseni. Ndawapempha ndowa zonse za m'sitolo ya zipangizo ndi wilibala. Kiyi wa sitoloyo anamuiwala pa mwala, dala.

Mwa masiku onse zakufa timakwirira kuseri kwa mpanda. Lero sitinakwirire. Ndaziika mu fuliza yosungiramo zinthu zokayeza, mpaka chivundikiro kukana kutsekeka.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Fomu ya dzulo sindinapereke. Ndalemba kalata pa pepala wamba, lopanda timabokosi. Masiku awiri, manambala awiri, mphindi zimene geti linatsekedwa. Ndalembamonso kuti fomu ya 41 ndinasaina ndikudziwa kuti ndi bodza. Chiganizo chimenecho chanditengera ola. Makope atatu. Ya abwana, ya oyendera zachilengedwe, yanga. Ya oyendera ndakaponya ndekha nthawi ya nkhomaliro, kuti ndisadzisinthe maganizo.

Achemwali sakundilankhula. Alamu akuti pabalaza pawo si hotela. Ndaimbira amayi kuti mwana asamuuze kaye za sukulu yatsopano. Akuti anamuuza kale, wayamba kulongedza m'jumbo. Ndinadula foni ndisanayambe kulira, ndinati netiweki.

Lachitatu, 29 Okutobala

Hafu sikisi m'mawa. Ndili pa sitepe ya ofesi ya abwana, kabuku pabondo. Ndowa khumi ndi imodzi ndandanda pakhonde, kuyambira pa chitseko mpaka pa maluwa awo. Zayamba kusungunuka. Ntchentche zafika kale, sizichedwa ngati mabwana. Mlonda wadutsa kawiri atagwira mphuno, akuti "Asisi, mwaganiza bwino?" Ayi, sindinaganize bwino. Kuganiza bwino ndinaganiza pa 17.

Kwatsala masiku awiri kuti pa 31 pakwane. Chipinda nambala 7 mwina apatsa wina, ndipo mwana wanga ndidzamuuza ndekha, pamaso, osati pa foni.

Abwana, mukatsika m'galimoto musandipatse tiyi. Vulani jekete, muwerenge nokha, imodzi imodzi, ine ndigwira ndowa. Mukafika pa 99 musaime. Mukamaliza mutulutse fomu ya bodza ija muing'ambe ine ndikuona, mubwezere yanga, yauve yomweyo. Lipoti likonzedwe, 412 ndi 637, lipite kumene liyenera kupita. Fomu isindikizidwenso ndi malo okwanira. Ndipo mukwere kumtunda mukamuuze wa mabataniyo, ndi amene amamuimbira foni, kuti ola ndi ola. Za pa 31 lembani zimene mukufuna. Koma dzina langa mulichotse pansi pa 41, lero, ndisanachoke pakhonde pano.