Pepala la Puloti Munapita Nalo

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Faidesi wanu. Ndikulembera pa makina anga osokera kuno ku msika wa Nsungwi, chifukwa makasitomala lero kulibe, komanso manja angawa akukana kusoka mzere woongoka. Paja munkati munthu asamalankhule atakwiya, ayambe wamwa madzi. Madziwo ndamwa, makapu awiri, koma sizinathandize. Ndiye mundipirire, kalatayi ituluka mmene itulukiremo.

Ndiyambe ndi zabwino, mungamati mwana wanu amangokukumbukirani pamavuto. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tinam'patsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akayamba kulira mdadada wonse umadziwa kuti Edina wadzuka. Chisomo wanga anakhoza mayeso, wayamba sekondale yoyendera. Akulu anu, amayi aakulu a Nangozo, miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba ndipo pakamwa ndi pomwe paja.

Za kumunda musafunse. Kukampu kuja, kumene asilikali anachokako kalekale, kumene inu ndi anzanu munkalima kuseri kwa nyumba zogumuka zija, lero simungakuzindikire. Chimanga chimene munabzala ndi manja anu musanadwale tinachisamala. Tinapalira, tinabandira, feteleza tinathira. Chitangomasula ngayaye kunabwera chigalimoto chosalaza, n'kudutsa pamunda ponse ife tikuona. Sanadikire ngakhale milungu itatu kuti ana alaweko mondokwa. Ine ndinatolako maungu awiri osakhwima, zokolola za chaka chino n'zomwezo.

Pano azunguliza mpanda wa njerwa, pamwamba waya wamagetsi, pageti alonda a yunifolomu. M'katimo mukumera nyumba zosanjikizana, za matailosi, iliyonse ndi thanki yakeyake, pamene ife tikadali pamzere wa zigubu pa kiyosiki. Pachikwangwani ajambulapo banja likuseka, ndi galu wawo amene. Akuti nyumbazo zimatha kugulidwa zisanafike n'pawindo pomwe, ogulawo ena ali ku Joni, ena ku Ulaya, amangoona zithunzi pafoni. Zina zatha kale koma mulibe munthu, ngakhale katani. Zangokhala, kudikira kuti mtengo ukwere.

Ndipo misala yake yatulukira kunja kwa mpanda. Alandilodi onse kuno apenga. Athu aja, a Chimphepo, anabwera ndi notisi mwezi watha. Akuti agumula mdadada wonse amange nyumba ziwiri za mumpanda. Anandiuza akusisita pamimba, amvekere, “Mayi a Chisomo, musandione ngati woipa. Dera lino lakwera. Si ine, ndi maketi.” Ndinawafunsa ngati denga lodontha lija nalonso lakwera nawo, chifukwa beseni munaliika pakona lija likadali pomwepo. Sanaseke. Zaka zonse zija sitinawajombepo lendi, Ababa anamwalirira m'nyumba imeneyo, inunso chimodzimodzi, koma notisi yake ndi ya mwezi umodzi ngati tinabwera dzulo. Ndayenda ku Mgona, ndafika ku Chipasula. Kulikonse kuli maejenti, anyamata a nsapato zosongoka, oti kungokuonetsa chitseko uyambe wawalipira.

Inu munkati, “Ine sindidzafera m'nyumba ya lendi.” Munkanena mukusesa, munkanena mukuika beseni lija. Mawu amenewo akundiwawa kuposa notisi.

N'chifukwa chake nkhani ya puloti ija inali moyo wathu. Mukukumbuka, akampani omanga nyumba aja asanamange mpanda anaitana onse olima m'kampumo, n'kulemba maina, n'kulonjeza kuti aliyense adzapatsidwa kapuloti kumunsi, kufupi ndi dambo. Misonkhano yawo simunaphonyeko ngakhale umodzi. Munkakhala padzuwa ndi miyendo yotupa, ife tikukusekani kuti akungokunamizani. Tsiku limene anakupatsani pepala la chidindo chofiira munalowa m'nyumba mukuvina, mumvekere, “Sekaninso tione!” Tsopano alengeza kuti mapuloti aja akugawa, aliyense abwere ndi pepala lake, tsiku lomaliza ndi Lachisanu lino.

Amayi, nyumba ndinaitembenuza. Sutikesi yanu ndinakhuthula, matiresi ndinasomola ulusi, ndinayang'ana m'zitini, m'Baibulo, kuseri kwa kalendala, ngakhale m'thumba la mbewu. Ndinapeza makadi athu a sikelo, ndinapeza chithunzi cha Ababa ali ndi tsitsi. Pepala osalipeza.

Ndiye ndinapita ku ofesi yawo ya pageti, nditatenga chitupa chanu ndi kalata ya kuchipatala yosonyeza kuti munamwalira. Ndinapeza mnyamata wa tayi, msinkhu wa Yohane. Anatsegula kompyuta, ndipo dzina lanu ndinaliona ndi maso angawa, Edina Kachingwe, nambala ya puloti pambali pake.

“Dzina lilipo, mayi,” anatero, “koma tikufuna orijino. Ya chidindo.”

Ndinati mwini wake anamwalira, ine ndine mwana wawo woyamba, makalata ndi awa.

“Pepani kwambiri. Koma sisitimu siilola. Popanda orijino, pulotiyo imabwerera ku kampani.”

Ndinamufunsa kuti sisitimuyo inali kuti pamene mayi anga ankazula zitsa m'kampu muno. Anangoyang'ana kumbuyo kwanga n'kuitana wotsatira. Amayi, ndikanakhala wina ndikanaigwetsa kompyutayo. Ndinatuluka. Ndisanafike n'pamsewu pomwe, ejenti wina ananditsatira, akudziwa kale dzina lanu ndi nambala ya puloti. Akuti, “Aunt, osadandaula, timathandiza ma kesi ngati amenewa. Mungosaina apa kuti mwaisiya, tikupatsani kangachepe ka sopo.” Ndinamufunsa kuti nambalayo waidziwa bwanji pamene ine ndangoiona kumene. Anaseka. Pamenepo ndinazindikira kuti akampaniwo akudziwa bwino kuti olima m'kampu ambiri anali okalamba, ena anamwalira, ena mapepala anadyedwa ndi chiswe. Orijino akuifunayo si yoti aione. Akufuna isapezeke.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi mtima uli kwina. Tikuimba nyimbo yachiwiri, mayi amene anakhala patsogolo panga anatulutsa buku lake la nyimbo, lofufuma ndi mapepala, lomangidwa ndi kamphira. Ndinakhala pansi anthu onse ataimirira.

Ndinakumbukira tsiku la maliro anu. Amayi a kumpingo atakuvekani yunifolomu yanu yoyera, anati mwa mwambo wawo mupite ndi buku lanu la nyimbo. Amene anakalitenga pansi pa pilo ndine. Linali lofufuma chomwecho, ndi kamphira kakuda. Amayi aakulu analilandira n'kundifunsa, “Faidesi, za m'katizi tichotse?” Ine ndikulira ndinati, “Zisiyeni, ndi zawo.” Analiika pachifuwa panu, n'kukupindirani manja pamwamba pake.

Titaweruka ndinawafunsa amayi aakulu ngati anaonamo pepala. Anati, “Munali kanthu kokulunga m'pepala la shuga, kofiira pakona. Ine ndinkayesa ndi kadi la ubatizo.” Atamva chimene chinali, anakhala pakhonde la tchalitchi n'kufunda chitenje kumutu. Sindinawakalipire. Ndiwakalipire chiyani, poti anafunsa?

Koma inu ndikukalipirani, Amayi, ngakhale ndi mwano. Munagona milungu itatu mukudwala. Munandiuza chitenje choti ndipatse mpongozi wanu, munandiuza nyimbo yoti tidzaimbe, munandiuzanso kuti mbale za eni ake ndibweze. Pepala lokha, chinthu chimodzi chimene chikanatichotsa m'manja mwa a Chimphepo, osanena? Ndakhala ndikukufunsani zimenezi pamakina pano mpaka kuthyola singano ziwiri. Kenako ndimaganiza kuti mwina simunanene chifukwa munkafuna kukalipereka nokha. Munkafuna mukaime pamzere, mukalozedwe malo anu, mubwere mudzatiuzenso kuti tiseke tione. Ndikaganiza choncho mkwiyo umachoka pa inu n'kubwerera pa ine.

Yohane ndinamuuza madzulo omwewo. Mawa lake anaimika njinga yake ya kabaza pakhomo n'kundiitanira kuseri.

“Achemwali, ndalankhula ndi adzukulu awiri a kumanda. Akuti zitheka mwakachetechete. Sitiwatulutsa ayi, n'kungotsegula pang'ono, kutenga buku, n'kutsekanso.”

Ndinati, “Iwe Yohane, ukudzimva?”

“Ndikudzimva. Amayi chilichonse ankakulunga m'pulasitiki, pepalalo lili bwinobwino. Inu mukufuna Edina akulire kuti? Amayi anapsa ndi dzuwa chifukwa cha puloti imeneyo. Akanakhala kuti akutha kulankhula akanati kumbani.”

Amayi, chimene chikundiopsa n'chakuti mwina akunena zoona. Ndimakudziwani. Mwina mukanatitukwana kuti tikuchedwa. Ndipo sindikubisirani, sindinamukanize pomwepo. Ndinati ndiganize kaye. Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyi m'mutu, ndikusoka yunifolomu za ana a eni ake, ndikuona kanyumba ka zipinda zitatu kumunsi kwa dambo, Chisomo ali ndi chipinda chake, inu dzina lanu lili pageti. Mwana wanu, woimba kwaya, ndinafika poyerekeza kuti dothi la mvula imodzi silinalimbe kwenikweni. Anthu a mpanda aja andifikitsa pamenepo, ndipo chimenechi sindidzawakhululukira. Munda anatenga, nyumba akutichotsa, tsopano afuna ndikhale munthu wofukula mayi ake kuti ndiwasonyeze chidindo chimene anadinda okha.

Dzulo masana tinapempha chilolezo n'kupita kumanda, ine ndi Yohane, ati kukalambula. Iye ankayang'ana mbali imene kuli mutu, ndipo ndinadziwa chimene ankayeza. Ine ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu. Mtumbira wanu watitimira pang'ono, nkhata zija zinauma, kathabwa ka dzina kanapendekeka ndipo utoto wayamba kufufutika. Nditagwira dothilo ndinakumbukira mmene tinakusambitsirani, mmene thupi lanu linapepukira, mmene munanenera kuchipatala kuti, “Ndatopa, ndikufuna ndigone osadzutsidwa ndi munthu.” Moyo wanu wonse mwakhala mukudzutsidwa. Alandilodi ankagogoda, asilikali ankakuthamangitsani m'munda masiku oyamba aja, ife tinkalira usiku. Ndiye nanenso ndibwere ndi khasu?

Ndinamuuza Yohane kuti ayi. Ndinati akayerekeza kubwera ndi adzukulu akewo, ayambe wakumba ine. Analira ngati mwana, n'kunena kuti ndasankha akufa kusiya amoyo. Anakwera njinga yake n'kundisiya komweko, ndinabwerera wapansi. Mpaka pano sakundilankhula, mkazi wake ndiye anabwera kudzapala moto n'kumandiyang'ana mwachisoni. Mwina Yohane sadzandimvetsa, ndipo Edina akadzakula n'kumva nkhaniyi mwina adzati azakhali ake anali opusa.

Lachisanu ndi mawa. Ku ofesi kuja ndipitako, koma osati kukapempha. Ndikaima pamzere ndi chitupa chanu, ndipo ikafika nthawi yanga ndikanena mokweza, anthu onse akumva, kumene kuli orijino yawo, kuti ngati akuifunadi akaitenge okha. Ndikudziwa kuti puloti sandipatsa. Pofika mwezi wamawa pa nambala yanu padzakhala pataima maziko a munthu amene sanagwirepo khasu m'kampumo. Pepala la ejenti lija sindisaina, sopo wawo asambe okha.

Ife tapeza zipinda ziwiri ku Mtandire, kumapeto kwenikweni, kopanda magetsi. Tikasamuka tonse, Yohane akwiye asakwiye, chifukwa kwina kulibe. Makina ndizikwera nawo minibasi mpaka nditapeza khonde lapafupi.

Pepalalo sungani, Amayi, ndi lanu, munalivutikira. Lonjezo langa ndi ili: ndisanagule mpando, ndisanagule katani ya nyumba yatsopanoyo, ndigula simenti ndi njerwa, ndikumangireni chiliza, dzina lanu lilembedwe mozama poti mvula singafufute. Mu Lilongwe yense, malo amene mwagonawo ndi okhawo amene tinakwanitsa kukupezerani. Pamenepo, ine ndili moyo, palibe adzakugogodereni.

Gonani, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale ndakukalipirani.

Ndine mwana wanu,
Faidesi