Kope Langa Likuti Alamu Akhale Pabenchi

Aphungu,

Ndine dalaivala pa ofesi ina ku City Centre, ndipo Loweruka ndimaphunzitsa timu ya mpira ya matelala a mu msika wa Lilongwe. Bwana amene ndimawayendetsa ndi a ku Amereka. Tsiku lina tikupita ku Area 10 anandionetsa nyuzipepala ya kwawo. Mpira wawo ndi wogwira ndi manja, ndipo pali wosewera mmodzi, amati kotabaki, amene ntchito yake ndi kuponyera anzake. Ameneyo amamulembera zonse: waponya kangati, yafika ingati, yalandidwa ingati. Akuti manambala akatsika, munthu amakhala pabenchi ngakhale atchuke bwanji.

Zinandikomera. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba mipira imene osewera apakati akupatsira anzawo. Patatha masewero anayi, kope likuti pa mipira khumi ya wapakati wina, Lexon, imafika isanu ndi inayi, pomwe ya a Sumaila imafika inayi yokha. Tsono a Sumailawo ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndiponso ndiwo anayambitsa timuyi.

Nditalengeza pamaso pa osewera onse kuti Loweruka a Sumaila ayambira panja, iwo anangoti, "Alamu, kope lanulo linayamba lachinyapo chigoli?" Chiyambire tsikulo akazi anga, a Nasima, akundiyankha ndi mutu wokha. Masewero akubwerawa tikagonja, tatuluka mu kapu. Nditani?

H.B., Area 2, Lilongwe

A H.B.,

Kuwerengako mwachita bwino, koma mwawerenga mbali imodzi. Kawafunseninso bwana anuwo. Ndikhulupirira akuuzani kuti kwawoko saona kufika kwa mpira kokha, amaonanso kuti wapita kutali bwanji ndipo wabala chiyani. Munthu wongopatsira mnzake wapafupi, kapena wobwezera kwa goloboyi, sangaphonye. Wofuna kuboola pakati pa adani amataya mipira yambiri, koma zigoli zimayambira kwa iyeyo. Kodi Lexon ndi uti pa awiriwa? Nanga pa mipira yotayika ya alamu anu, ndi ingati imene inapita bwinobwino, wolandira n'kukhala akuyang'ana kwina?

Onjezani mizere iwiri m'kopemo: mipira yopita kutsogolo, ndi imene yathera kugolo. Kulembako mupatse munthu amene alibe mbale wake m'timumo, inu maso akhale pabwalo. Masewero anayi ndi ochepa poweruza munthu, choncho Loweruka a Sumaila ayambe. Lisanafike tsikulo, apezeni pa makina awo osokera, muwapepese chifukwa chowachititsa manyazi pagulu. Nkhaniyo ikawafika a Nasima mawu awo abwerera.

Koma chenjerani. Manambala atsopanowo akadzanenanso zomwezo, mudzawaike pabenchi ndithu, mutawauza muli awiri. Mukadzawasunga chifukwa choopa kunyumba, osewera enawo adzazindikira, ndipo Loweruka lina mudzapezeka pabwalo awiriwiri, inu ndi alamu anu.