Alamu Anga Lucius Akukana Kudya

3 Juni 1963
Tsiku lachisanu ndi chinayi alamu anga Lucius osadya. Anawatsekera chifukwa choima pamzere wolembetsa mavoti. Akuti salawa kanthu mpaka dzina lawo lilowe m'buku limodzi ndi maina a azungu. Koma aiwala kuti wophika pandende ino ndine, Cleophus Tubbs! Ine amene nkhuku yanga inatsitsa abusa paguwa ndi fungo lokha. Lachinayi silifika, adya.

7 Juni
Mlamba wokazinga, chigumu chotentha, nyemba zothira nkhumba. Apolisi awiri anatsala pang'ono kuswana mitu polimbirana makombo. Alamu kungonunkhiza. "Mchere mwachulutsa, alamu, ndaumva ndili pompano." Chipongwe! Munthu woti nthiti zake ungachapirepo zovala.

19 Juni
Mkazi wanga Earline sandilankhula mbale ikabwerera yodzaza. Mlongo wake ndi mmodzi yekha, Lucius yemweyu. Ndamulonjeza kuti adya, ngakhale ndichite kukazinga mwezi wakumwambawu.

2 Julayi
Keke ya mbatata, momwe ankaphikira malemu apongozi. Ndinagwada pakhomo pa selo, chimunthu chonsechi. Anatembenukira kukhoma. Misozi. "Alamu, ngati mumandikonda, imeneyi musabweretsenso." Sindibweretsanso. Chakudya wamba chokha, poti ndi lamulo. Madzi ndikuwamwetsa ndekha.

11 Julayi
M'kamwa mukutuluka magazi. Maso sakuona bwino. Koma pakamwa mpomwe paja: akuti ine ndikunenepa m'malo mwawo. Mkulu wa apolisi akuti munthu wakuda sangapirire njala chonchi, akudya mobisa.

18 Julayi
Apita. M'mawa, ine ndikukanda ufa.

19 Julayi
Mkulu wa apolisi anandiitana. Zaka khumi ndikumuphikira, akunditchulabe mnyamata. Pepala patebulo: Lucius Pettway ankadya bwino, wafa ndi mtima. Ndisaine ngati wophika. "Ukakanena zina kunjaku, angakukhulupirire ndani iwe? Si iwe unagwira mlamba wotalika ngati bwato?" Nkuseka. Zoonadi, ndinanenapo zimenezo. Ndinamuuza kuti magalasi ndaiwala kunyumba. Chibadwire sindinavalepo magalasi. Wandipatsa mpaka Lolemba.

21 Julayi
Maliro lero kutchalitchi. Kwabwera anthu awiri a nyuzipepala ochokera kumpoto. Earline wandisitira malaya oyera. Akuti ndikamalankhula pamaliropo ndisakometse, ndisawonjezere ngakhale kasupuni. Chovuta ndi chimenecho, pakamwa pangapa zinthu zimafufuma zokha.

Ntchito yandithera, ndikudziwa. Mwina nyumba nayo aiotcha.

Ndikaima kutsogolo nkunena: masiku 54, mbale ziwiri patsiku, zonse ndinazibweza zodzaza ndi manja angawa. Basi, nkukhala pansi.

Galimoto la apolisi laima kale pamsewu. Aimirire, amve nawo. Earline akuitana, nsapato imodzi sindikuiona