Chala cha Amayi pa Dzina la Sunmaya

Kathmandu
Lachitatu, pa 8 mwezi wa Magh

Okondedwa achimwene a Kaman,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Mukudzuka bwanji ndi chisanu chimenechi? Nanga chifuwa cha amayi chija chinaleka, kapena akukanabe mankhwala n'kumadalira tiyi wawo wamchere? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti utsi wa m'tauni muno wandikanda pakhosi, ndipo madzi pampopi akutuluka kawiri pa sabata basi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni ilipo. Nkhani iyi sindingainene pafoni, chifukwa ndikaimba amayi amakhala pambali panu, khutu lili tcheru. Muwerenge muli nokha, kaya kukhola kwa njati. Mu emvulopu muno muli pepala lina la ku ofesi. Musawaonetse amayi musanafike kumapeto kwa kalatayi.

Chaka chino ndi chachinayi ndili pasukulu pano ngati mlangizi wa ana pa zamaganizo. Inu mumandiseka kuti ndimalipidwa pomvera ana a eni akulira. Sekani, ntchito yake ndi yomweyo. Tsopano eni sukulu alamula kuti wogwira ntchito imeneyi akhale ndi chiphaso cha bungwe loona za akatswiri pofika kumapeto kwa mwezi wa mawa. Wopanda chiphaso, khomo ndi ilo.

Sindinade nkhawa. Ndinasonkhanitsa masatifiketi onse kuyambira a kumudzi mpaka a kuyunivesite, kalata ya amene ankandiyang'anira pophunzira ntchito, zithunzi, ndi chitupa cha unzika. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo.

Kalaliki wake anali bambo wonenepa, wodzikulunga mpango m'khosi. Anayala mapepala patebulo, n'kusuzumira kumbuyo kwanga, n'kufunsa kuti mnzangayo ndamusiya panja kodi. Ndinati mnzanga uti. Akuti apa pali anthu awiri: Sunmaya Ghising amene anakhoza mayeso onse, ndi Lhamu Ghising amene ali ndi chitupa koma sanapondepo m'kalasi, ndiye chiphasocho apatse uti? Anthu pamzerepo anaseka.

Inu pamene zimenezi zinkayamba, tili ana, munali kwa amalume ku Charikot, ndiye mwina simudziwa bwino momwe zinayendera. Achemwali athu, a Sunmaya, anamwalira ndi kutsegula m'mimba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atangolowa sukulu masabata atatu. Dzina lawo linali kale m'kaundula, yunifomu itasokedwa kale. Abambo anati nsalu isawonongeke, ndipo aphunzitsi anati kufufuta kumaipitsa kaundula. Lolemba lotsatira ndinapita ine, nditavala diresi lija, likundifika m'akakolo.

Tsiku loyamba aphunzitsi ataitana kuti Sunmaya, ndinatembenukira kukhomo kudikira kuti alowe. Anaitana kachiwiri, kachitatu, kenako ndodo inagwa pamsana panga. Kuyambira pamenepo ndinkayankha kuti ndilipo, m'mawa uliwonse, zaka khumi.

Amayi dzina limenelo sanalitchulenso, mukudziwa. A lama, ansembe athu achibuda, anali atawotcha kale pepala la dzinalo kuti mwana apite osatembenuka. Ndimakumbukira amayi akukalipira abambo kumunda kwa mawere, kuti mwana apita bwanji pomwe akumuitana tsiku ndi tsiku, wina n'kumamuyankhira. Ndiye a boma atabwera kumudzi kudzapereka zitupa, abambo ali chigonere ndi mwendo uja, anandiperekeza ndi amayi. Atafunsidwa dzina langa ananena mokweza kuti Lhamu, n'kudinda chala. Pobwerera anandigulira maswiti, chinthu chomwe sanachitepo.

Kuyunivesite anangoona masatifiketi. Pasukulu pano chimodzimodzi. Ndinafika poiwala kuti mapepala awiriwa adzakumana patebulo limodzi.

Kalaliki uja si munthu woipa. Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala, akuti mlongo wanga musalire, amaina awiri timawaona sabata iliyonse, wina anabwera ndi atatu. Akuti ndingobweretsa kalata ya ku ofesi ya kwathu yotsimikiza kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi, kholo lidinde chala, mboni ziwiri zisaine, nkhani yatha. Abambo kulibe. Kholo latsala ndi amayi.

Pepala lake ndi limenelo. Likunena kuti iwo, Kanchhi Maya Ghising, akulumbira kuti Sunmaya ndi Lhamu ndi mwana wawo mmodzi yemweyo, ndipo ali moyo.

Musaganize kuti sindinafune njira ina. Panja pa ofesipo pamakhala bambo wina wokalamba wolembera anthu makalata a milandu. Ndinamufotokozera zoona zake zonse. Anaika cholembera pansi, akuti iye ndi gonthi kuyambira lero, sanamve kanthu. Akuti ndikanena kuti Sunmaya anamwalira, ndiye kuti masatifiketi onsewo ndi a malemu, ndipo ine ndine wakuba mapepala a munthu wina. Anandifunsa ngati pa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndingakwane pabenchi ya kalasi yoyamba.

Ndinapitanso kwa a hedi, Mayi Pradhan. Anandipatsa tiyi, anandimvera chisoni, koma akuti iwonso ndi olembedwa ntchito, sangawonjezere ngakhale tsiku limodzi. Iwo ndangowauza kuti ndi vuto la kalembedwe ka maina.

Ikanakhala nkhani ya mimba yanga yokha, bwenzi nditalongedza kale. Koma pali mtsikana wina wa kalasi yachisanu, dzina lake Rojina. Phiri linagumukira nyumba yawo dzinja lapitali, mayi ake ndi kamlongo kake n'kukwiririka momwemo. Anabwera kuno kwa azakhali ake osayankhula ndi munthu. Aphunzitsi ankati ndi mwano, n'kumamugwaditsa panja pa miyala. Ndakhala naye miyezi inayi m'kachipinda kanga, iye akujambula, ine ndili chete. Sabata yatha anandiyang'ana n'kunena kuti kamlongo kake kankatchedwa Sujan, ndipo kankaopa atambala. Analira mpaka belu linalira. Ndikachoka ine, abwerera kukagwada pa miyala paja, iye ndi ena ambiri.

Koma taonani manyazi ake. Ndine amene ndinauza mwana ameneyu kuti womwalira ndi womwalira ndithu, tisamanamizire kuti sanakhaleko. Tsiku lomwelo m'chikwama mwanga munali pepala lofuna kuti amayi anga alumbire kuti wawo sanafe. Mawu a Rojina ndinawamvera m'khutu limodzi, linalo likumva pepala likukhwekhwereza. Ndadzida, achimwene, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale pansi ndi amayi, muwawerengere pepalali liwu ndi liwu m'chiyankhulo chathu, osadumpha dzina. Ndikukudziwani inu, mudzati kuvutikiranji, mudzawauza kuti ndi za ndalama za okalamba, iwo n'kudinda akumwetulira. Mukadzatero ndidzadziwa, ndipo ndidzaling'amba ndi manja anga. Abambo anachita zawo osawafunsa. Ife tisabwereze.

Muwauze zonse: za ntchito, za Rojina, komanso kuti chala chawo chikatera pamenepo, dzina lija likhala pachiphaso, pachitseko cha ofesi yanga, ndi pakamwa pa ana mpaka ine ndidzafe. Musandipepesere, musawakakamize, ndipo alamu asalowererepo ndi pakamwa pawo paja. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani chinthu cholemera, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Akavomera, mupite nawo ku ofesi ndi mboni ziwiri. Amalume a Singha angavomere, ngakhale iwowo ndi amene ananyamula kamtembo kaja kukwera nako phiri. Winayo musankhe nokha. Kalatayo mupatse Dorje wa basi ya m'mawa, ifike kuno lisanakwane tsiku la 20 mwezi wa mawa.

Akakana, pepalalo musalibweze kuno. Lili ndi dzina la achemwali, ndiye mulipereke kwa a lama aliwotche. Ine ndidzabwera nthawi yobzala chimanga, khasu sindinaliiwale. Sindidzawafunsa amayi chifukwa chake, ndipo inunso musadzawafunse.

Mukandifunsa chomwe mtima wanga ukufuna, ndikufuna adinde. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kukhala nthawi yaitali ndikuchiyang'ana, koma sindichifufuta, chifukwa ndi zoona. Chomwe ndikuopa kwambiri n'chakuti adinda osanena kanthu, n'kupukuta chala pansalu, n'kupita kukamweta udzu wa njati, monga anachitira tsiku lomwe anandiveka diresi lija.

Chaka chino pa Lhosar, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, sindibwera. Sindingathe kudya nawo mbale imodzi yankho lisanadziwike. Masokosi aubweya amene ndaika m'phukusi ndi a amayi, koma muwapatse tsiku lina, asaoneke ngati chiphuphu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Singha ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa ana anu onse atatu. Wamng'onoyo mumuuze kuti akapitiriza kuthawa sukulu ndibwera ndidzamumvere akulira, ulere. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Lhamu

Ndinaiwala ichi. Poyankha, pa emvulopu mulembe kuti Sunmaya Ghising. Mukalemba Lhamu, mlonda wa pageti aibweza, anena kuti kuno kulibe munthu wotero.