Inshulansi Yosankha Ana

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima wandiwawa chomene.

Masana ndatseka shedi yanga ya matabwa kukasankha inshulansi ya chipatala pa Boma. Mtsikana wa mu ofesimo wandiyalira mitundu yake: yotchipa ndi ya ine ndekha, inayo imatenga mkazi ndi ana. Ndasankha ya anayo n'kuyamba kutchula mayina. Nditafika pa Tiwonge, mwana wa malemu akulu anga, wandiimitsa.

"Adada, ndapota, pano timalemba obereka nokha. Ameneyo mumugulire yakeyake."

Ndamufunsa kwawo. Akuti ku Edingeni! Mwana wa ku Edingeni, wodziwa mwambo wathu wa malowolo, n'kumandiuza ine kuti mwana wa mkulu wanga si wanga? Ng'ombe zimene zinalowola mayi a Tiwonge zinatuluka m'khola la bambo anga. Mtsikanayo wangoti, "Ndi malamulo, adada," maso ali pa kompyuta.

Ndabwerako osalembetsa. Mkazi wanga akuti ndapupuluma, bola enawo akanatetezeka. Mwina. Koma anga oberekawo sadwaladwala. Wa mphumu m'nyumba muno ndi Tiwonge yekha.

Panopa akutsokomola kuchipinda, ndipo wangondiitana kuti, "Adada." Ndimuyankhe kuti chiyani, kuti ku ofesi akana?